MAFUTA ONUNKHIRA NDI NANKAFUMBWE WA KANJEDZA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja, pa nthawi ya nkhani za ulimi

 Lero ndifuna kukamba za kacirombo kamodzi, za mtengo umene kamaononga, ndi za mankhwala ena amene anthu ambiri alikuwatama masiku ano. Nkhani yace iyambira kutali, ku maiko a Aluya, koma musatseke wailesi, pakuti isanathe idzafika pa khomo panu.

Mitengo ya mtundu wa kanjedza si yacilendo kwa ife ai. Tidziwa kanjedza wa m'madambo, tidziwa mgwalangwa umene masamba ace tiluka nao mikeka ndi madengu, tidziwanso ciwale ca mipando ndi zitseko. Anzathu a ku Luapula ndi a ku Karonga ali ndi mtundu wina umene zipatso zace afinya mafuta ofiira ophikira, ndipo amene anafikako ku Quelimane anaona minda ya kokonati yosaoneka polekezera. Koma kwa ife mitengo iyi iri ngati ndiwo cabe, si nsima. Kwa Aluya ziri mosiyana. Kanjedza wao wobala zipatso zozuna, zimene a ku gombe azicha tende, ali kwa iwo monga momwe cimanga ciri kwa ife. Dziko la Egypt lokha likolola matani oposa 1,500,000 a zipatso zimenezi caka ndi caka, ndipo pa malo amodzi ochedwa Al-Ahsa, m'dziko la Saudi Arabia, pali mitengo yoposa 2,500,000 yoimirira pakati pa cipululu. Mtengo wotere munthu aubzala nadikira zaka 5 kapena kuposa kuti alawe cipatso coyamba, ndipo ukakula udyetsa ana ndi adzukulu omwe.

Tsopano mvetsetsani kapangidwe ka mtengowu, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kanjedza ali pa cibale ndi udzu ndi cimanga koposa ndi mango. Mukadula nthambi ya mango, pa balapo pamera khungwa, ndipo mtengo uphuka kwina. Kanjedza satero. Thunthu lace liri ndi pophukira pamodzi pokha, pamwamba peni peni pakati pa masamba, pamene ticha mtima. Mtimawo ukafa, thunthulo lafa. Ndiponso bala la pa thunthu lace silipola konse. Dzenje limene mwaboola lero lidzakhalapo kufikira tsiku limene mtengowo udzagwa.

Mdani wace ndiye nankafumbwe. Musaganize za kankafumbwe kakang'ono ka m'nkhokwe. Uyu ndi mkulu wace, wotalika ngati theka la cala, wofiira ngati dzimbiri, wa mlomo wautali wokhota. Anthu a sayansi amucha Rhynchophorus ferrugineus. Wamkazi afunafuna bala kapena mng'alu pa mtengo, naikiramo mazira, ndipo pa moyo wace akhoza kuikira mazira 200 kapena 300. Patapita masiku owerengeka mazira aja aswa mphutsi zoyera, zonenepa, zopanda miyendo, zimene ziyamba kudya mtengo kulowera m'kati. Zidya kwa mwezi umodzi kufikira miyezi 3, zikula mpaka masentimita 5, kenaka zidzikulunga m'ulusi wa mtengo womwewo ndi kusanduka anankafumbwe. Amenewa kawiri kawiri sacoka. Akwatirana momwemo naikiranso mazira. Motero mibadwo itatu kapena inai ikhoza kutha mtengo m'kati, kunja masamba akali obiriwira bwino bwino. Mwini munda adzidzimuka tsiku limene mphepo yagwetsa mutu wa mtengo, napeza kuti m'kati monse muli phala lowola lonunkha ngati mowa wosasa.

Kwao kweni kweni kwa nankafumbweyu ndi ku India ndi maiko oyandikana nako, kumene anali kubvutitsa alimi a kokonati kuyambira kale. Anaoneka ku maiko a Aluya ca m'ma 1985, ku Qatif m'dziko la Saudi Arabia mu 1987, ndi ku Egypt mu 1992. Posacedwa anaoloka nyanja nafika ku Spain, ndipo mu 2004 anapezeka ku Italy. Kodi anauluka mtunda wonsewo? Iai. Mapiko ali nao, ndipo auluka ndithu kucokera munda wina kunka munda wina, koma nyanja anaoloka pa sitima. Anthu a cuma a ku Ulaya anafuna mitengo ya kanjedza yaikulu kale yokometsera miseu ndi mahotela ao, naigula ku Egypt, ndipo mphutsi zinadza ziri phee m'kati mwa mitengoyo. Bvutoli linakula kotero kuti mu 2017 bungwe la FAO, loyang'anira za cakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linaitana maiko ku msonkhano ku Rome kukakambirana za kacirombo kamodzi kameneka.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti mwala wofuna kugwa suoneka ndi maso. Munthu augogoda ndi citsulo namvera kulira kwace. Alimi a kanjedza acita cimodzimodzi. Aika khutu kapena makina omvera pa thunthu kuti amve mphutsi zirikutafuna, ndipo m'maiko ena aphunzitsa agaru kununkhiza mtengo wodwala. Akaupeza, mankhwala amene akhala akugwiritsa nchito ndiwo aululu: ena apopera pa mutu wa mtengo, ena aboola thunthu nawathiramo, enanso aikamo mibulu yoturutsa mpweya wakupha, yonga ija aika m'nyumba zosungira cimanga, natseka ndi dothi. Mankhwala awa apha ndithu, sindingakane. Koma aphanso njuci, adwalitsa wopopera, ena atsalira m'zipatso zimene ana adzadya, ndipo mtengo wace ngwokwera. Amodzi a iwo, ochedwa chlorpyrifos, maiko a bungwe la European Union anawaletsa mu 2020. Ndico cifukwa cace anthu anayamba kufunafuna njira yina, ndipo maso ao anagwa pa mafuta onunkhira a m'zomera.

Mafuta amenewa inu muwadziwa, ngakhale simunawaone m'botolo. Fikisani tsamba la bulugamu m'manja ndi kununkhiza. Finyani khungu la lalanje pafupi ndi diso, mudzalira. Cimene cikulizani ndi mafuta. Ine ndikali mwana, agogo anga anali kuthyola mpungabwi madzulo nakwapula nao m'nyumba, kwinaku ena atauika pa makala, ndipo udzudzu unali kuthawa. Nditapita ku sukulu ya misyoni ndinayamba kuwaseka mumtima, ndi kuyesa kuti ndi za umbuli. Lero manyazi ali ndi ine, pakuti anthu ophunzira kwambiri alikucita zomwezo ndi mabotolo a galasi. Comera sicingathawe mdani, cilibe miyendo. Cotero cipanga mafuta a pfungo lamphamvu ndi kuwasunga m'masamba, m'khungwa kapena m'maluwa, kuti tizirombo tinyansidwe naco.

Kuwacotsa kwace nkosabvuta kumvetsa. Masamba aikidwa m'mphika waukulu pamwamba pa madzi owira, nthunzi inyamula mafuta, idzera m'mpope wozizira nisanduka madzi, ndipo mafuta ayandama pamwamba. Amai ena amene alikundimva ati, "Nanga si momwe tichezera kacasu?" Inde ndi momwemo, koma musati wailesi yakutumani. Cobvuta nciwerengero cace: makilogalamu 100 a masamba a bulugamu apatsa lita imodzi kapena awiri cabe, ndipo udzu uja wonunkhira ngati ndimu umene ena athira mu tiyi upatsa zocepa koposa apa. Wooloa manja ndiye clove wa ku Zanzibar ndi Pemba, amene eni ace amucha karafuu. Uyu pa makilogalamu 100 apatsa mafuta okwana makilogalamu 15 kapena kuposa. Ndico cifukwa cace kabotolo kakang'ono ka mafuta eni eni kagulidwa ndalama zambiri, ndipo wina akakugulitsani botolo lalikulu pa mtengo wa sopo, dziwani kuti ambiri mwa mafutawo ndi ophikira.

Kodi mafutawa acita ciani kwa nankafumbwe? Zinthu ziwiri. Coyamba, apha. Anthu ofufuza a ku Egypt, ku Saudi Arabia ndi kwina anayesa mafuta a adyo, a bulugamu, a clove, a malalanje ndi a zitsamba zina zambiri, nawadontheza pa mazira ndi pa mphutsi m'mbale za galasi, kapena kuwasakaniza ndi nzimbe zimene mphutsi zinali kudya. Mazira ambiri sanaswe, mphutsi zazing'ono zinafa, ndipo zina zinaleka kudya. Mafutawo alowa pa khungu ndi pa timabowo topumira, nasokoneza mitsempha ya kacirombo. M'mitsemphamo muli conyamula uthenga cina cochedwa octopamine, cimene thupi la kacirombo lidalira kwambiri pamene thupi la munthu silitero, ndipo mafuta a clove agunda pomwepo.

Caciwiri ndico cimene ine ndiona kuti ncacikulu. Nankafumbwe ayenda ndi mphuno, ngakhale kuti mphuno yace iri pa tinyanga. Kanjedza akabvulala, madzi a pa bala ayamba kusasa, ndipo pfungo lace limuitana kucokera kutali. Wamwamuna akafika aturutsa pfungo lace lace loitana anzace onse, amuna ndi akazi, monga munthu amene wapeza mowa naimba mluzu. Pfungo limenelo anthu a sayansi analizindikira mu 1993 nalicha ferrugineol, ndipo tsopano alipanga m'mafakitale. Aliika m'ndowa pamodzi ndi madzi ndi zipatso zosasa kapena nzimbe, nachera ndowazo m'munda. Anankafumbwe adza nagweramo ndi kumira. Tsono ngati pfungo likhoza kumuitana, pfungo lina likhoza kumusoceretsa. Ku Italy anayesa kuika pfungo longa la utomoni wa paini pa misampha yotere, ndipo anankafumbwe olowamo anacepa. Nzeru yace ndi iyi: pa mtengo ikani comuingitsa, kutali ndi mtengo ikani comukopa, kuti acoke kumene simumfuna napite kumene mwamchera.

Kufikira pano nkhani yakoma, ndipo ogulitsa mabotolo alekezera pomwepa. Ine ndipitirira.

Mbale ya galasi si munda. M'mbale mphutsi iri poyera, ndipo dontho ligwa pa msana pace. M'munda mphutsi iri m'kati mwa thunthu lonenepa koposa mbiya, kuseri kwa ulusi wolimba ndi phala lonyowa, ndipo mafuta sasakanizika ndi madzi. Mukapopera kunja, mphutsi siimva kanthu. Ndiponso cimene cicititsa mafutawa kununkhira ndi comweco cimene ciwathawitsa: auluka. Pa dzuwa la m'cipululu, kapena la mwezi wa October kuno kwathu, pfungo limene mwapaka m'mawa likhoza kuzirala masiku awiri kapena atatu asanathe, pamene nankafumbwe wamkazi akhala moyo miyezi iwiri kapena itatu alikuikira mazira. Iye angodikira. Anthu ofufuza alikuyesa kutsekera mafutawo m'timadontho tating'ono kwambiri, kapena m'phula ndi m'zomata, kuti aturuke pang'ono pang'ono kwa masabata, ndipo nchito imeneyo iri ndi ciyembekezo. Palinso bvuto lina: bulugamu wa pa phiri ndi bulugamu wa m'cigwa sapatsa mafuta a mphamvu yofanana, ngakhale wa nyengo ya mvula ndi wa cilimwe asiyana, motero mlingo umene unagwira nchito caka catha ukhoza kulephera caka cino.

Cotero ine ndinena mosabisa kuti mafuta onunkhira ndi mlonda wa pa khomo, si sing'anga. Malo ace ndi pa bala, tsiku lomwelo limene bala lacitika. Aluya acotsa ana a kanjedza pa tsinde kuti akaoke kwina, monga momwe ife ticitira ndi nthoci, ndipo pocotsa pamenepo ndipo nankafumbwe alowera kawiri kawiri, makamaka pa mitengo yosafika zaka 20. Bala lotere likapakidwa msanga ndi kutsekedwa ndi dothi, ndipo mlimi akabwereza kupaka, mtengo uli ndi mwai. Koma mtengo umene mutu wace wayamba kupendama, masamba a pakati afota, pa thunthu pacucha madzi a bulauni onunkha, umenewo mafuta a bulugamu sangaupulumutse ngakhale mutathira mgolo wathunthu. Uyenera kuonedwa ndi alangizi a za ulimi, ndipo ngati wapitirira, udulidwe, uwazidwe tizidutswa ndi kuochedwa kapena kukwiriridwa mozama. Kuugwetsa ndi kuusiya pomwepo ndiko kumangira nankafumbwe nyumba.

Pali mtengo umodzi umene ndiyenera kuuchula padera, ndiwo nimu, umene ambiri a inu muli nao pa bwalo. Mafuta ace sali m'gulu la onunkhira aja. Afinyidwa ku njere monga a nsawawa, ndipo sauluka msanga. Mu 1959 katswiri wina wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, ali ku Sudan anaona dzombe litadya zobiriwira zonse koma nimu litausiya. Mu 1968 anthu a sayansi anapatula cimene ciri m'njere zace nacicha azadirachtin. Cimeneci ciletsa kacirombo kudya ndiponso kufundula, motero mphutsi ifa isanakule. Alimi a kokonati a ku India atenga zotsala pofinya njere za nimu, nazisakaniza ndi mcenga, naziika m'makhwapa a masamba a pamwamba. Acita izi cifukwa ca cikumbu ca nyanga cimene ciboola mtima wa mtengo, ndipo acita mwanzeru, popeza dzenje la cikumbuco ndilo khomo limene nankafumbwe adzera pambuyo pace. Cikumbu ca mtundu womwewo ciripo ku gombe la Tanzania ndi Mozambique, ndipo ciswana m'mitengo yakufa yosiyidwa m'munda.

Kodi alipo amene anamgonjetsa nankafumbwe wofiira? Alipo. Pa zisumbu za Canary, kumadzulo kwa Morocco, anapezeka mu 2005, ndipo mu 2016 zisumbuzo zinalengezedwa kuti zamasuka. Sanapambane ndi botolo limodzi lodabwitsa. Analetsa kulowetsa ndi kusamutsa mitengo, anaphunzitsa anthu oyendera mtengo uli wonse kawiri kawiri, analemba mitengoyo m'kaundula, anachera misampha, anathira mankhwala pamene panafunika, ndipo mtengo uli wonse wogwidwa anauononga, ngakhale mwini wace atalira. Inali nchito yotopetsa ya zaka 11, ndipo inatheka cifukwa panalibe munda umene unasiyidwa.

Ndinalonjeza kuti nkhaniyi idzafika pa khomo panu. Kuno ku Africa wa pakati tiri naye mbale wace wa nankafumbweyu, wakuda wa mizere yofiirira, wochedwa Rhynchophorus phoenicis. Makhalidwe ace ndi omwewo. Agwira mitengo ya mafuta ofiira, ciwale ndi kokonati, ndipo akonda kwambiri mitengo imene agema ucema, cifukwa mgemi amtsegulira bala namphikira ndi pfungo lomwe. Inu amene mulikusunga ndalama kuti mukapuma nchito ya mgodi mukabzale mitengo ya mafuta kwanu ku Luapula, ndi inu a m'tauni amene mwagula kanjedza wokometsera pa khomo, musabvulaze thunthu popanda cifukwa. Musakhome misomali ya cingwe coyanikira zobvala, musatemepo makwerero. Podula tsamba laliwisi siyani phesi lalitali ngati mita, kuti mphutsi ikaswa pamenepo phesi liume isanafike ku thunthu. Ndipo musagule mtengo waukulu kale kwa munthu wosadziwika kumene waucotsa, makamaka wodzera pa malire popanda kalata ya oyang'anira zomera. Mbande yaing'ono icedwa, koma mungathe kuiona yonse ndi maso.

Anzathu ocokera ku Congo amene tikhala nao m'makomboni alikuseka, ndidziwa, pakuti kwa iwo mphutsi imeneyi si mdani koma ndiwo. Aicha mpose, naikazinga m'mafuta ace omwe, ndipo pa msika wa ku Kinshasa igulidwa mtengo wabwino. Sindiwatsutsa, ndi cakudya copatsa mphamvu. Koma funsani kumene zatoledwa. Mphutsi ya m'mtengo umene unathiridwa mankhwala aululu siyenera kulowa m'mphika.

Cenjezo lotsiriza ndi la mafuta onunkhira omwewo. Anthu ena ayesa kuti kanthu kakacokera ku tsamba sikangapweteke, ngati kuti mwabvi sucokera ku mtengo. Mnansi wanga wina atamva za mphamvu ya mafuta a bulugamu, anatsanulira kabotolo konse pa mtima wa kakanjedza kace kamene kanalibe ndi matenda omwe. Sabata isanathe masamba anthete anapserera, ndipo kamtengo kanafa. Mafuta a clove okhaokha ngamphamvu kotero kuti m'maiko ena aphera nao udzu, ndipo akagwera m'madzi aledzeretsa nsomba. Motero sungunulani pang'ono pokha m'madzi a sopo, gwedezani bwino kuti asakanizike, yesani pa tsamba limodzi ndi kudikira masiku awiri musanapake pena ponse. Pakani madzulo dzuwa litapepa, musakhudze m'maso, ndipo musatsukire ndowa mu mtsinje. Koposa zonse, botolo likhale pamwamba pamene mwana sangafike, ndipo musaliike m'botolo la zakumwa. Kasupuni kamodzi ka mafuta a bulugamu kakhoza kukomola mwana wamng'ono, ndipo zikacitika musamsanzitse, thamangani naye ku cipatala mutanyamula ndi botolo lomwe.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi lembani makalata, ndipo munene mtundu wa mtengo wanu, zaka zace, ndi pamene bala liri. Gonani bwino nonse.